Wantchito wa m'nyumba yemwe adawerenga kuwala kwa nyenyezi

Pa Migowi, monganso m'misika ina ya m'boma la Phalombe, si chachilendo kumva kuti mwana wa uje adakwera minibasi ya ku Limbe kukagwira ntchito ya m'nyumba. Ena amapita fizi itasowa, ena banja litatha, mwamuna atawasiyira mwana kumsana. Anthu akamva amangopukusa mutu poganiza kuti zake zathera pomwepo: kuchapa, kukolopa ndi kulera ana a eni ake mpaka ukalamba.

Williamina Fleming naye adayambira pomwepo. M'chaka cha 1879 adali wantchito wa m'nyumba m'dziko la America, ali woyembekezera, mwamuna atamuthawa, abale ake ali kutsidya kwa nyanja. Pomwe ankamwalira m'chaka cha 1911 n'kuti atatulukira mitambo ya mpweya ya mlengalenga yokwana 59, nyenyezi zosinthasintha kuwala zoposa 300 komanso nyenyezi zophulika 10. Sadaphunzire ku yunivesite ina iliyonse, ndipo pafupifupi zonsezi adazipeza masana, atakhala pampando, akuyang'ana zithunzi zapagalasi.

Mayiyu adabadwa pa 15 May 1857 mumzinda wa Dundee ku Scotland, zaka ziwiri David Livingstone, wa dziko lomwelo, asadafike pa nyanja ya Malawi. Dzina lake lobadwa nalo lidali Williamina Paton Stevens, koma achibale ankangomuitana kuti Mina. Dundee panthawiyo udali mzinda wa mafakitale oluka ziguduli, wautsi ndi umphawi wambiri. Bambo ake, a Robert Stevens, adali mmisiri wosema ndi kukongoletsa mafelemu a zithunzi, ndipo adamwalira iye ali ndi zaka 7.

Kusukulu adali wanzeru moti atakwanitsa zaka 14 adayamba kuphunzitsa ana anzake uku naye akuphunzira. M'chaka cha 1877 adakwatiwa ndi James Orr Fleming, bambo wamkulu kwa iye ndi zaka zambiri yemwe mkazi wake woyamba adali atamwalira. Chaka chotsatira awiriwa adakwera sitima yapamadzi kupita ku Boston kukasaka moyo wabwino. Banjalo silidakhalitse. James adachoka, kumusiya mkazi wake ali ndi pathupi m'dziko lachilendo.

Pofuna kupeza chakudya ndi pogona, Williamina adalowa ntchito ya m'nyumba kwa Pulofesa Edward Charles Pickering, mkulu wa malo ofufuzira zakuthambo a yunivesite ya Harvard mumzinda wa Cambridge, pafupi ndi Boston. Nyumba ya bwanayo idali pamalo omwewo pomwe padali makina oonera nyenyezi.

Pali nthano yomwe anthu amakonda kufotokoza yoti tsiku lina a Pickering adakwiya ndi ulesi wa anyamata omwe ankawathandiza, n'kuwauza kuti ngakhale wantchito wawo wa m'nyumba akhoza kuigwira bwino ntchitoyo kuposa iwo. Nthanoyi ndi yokoma kuimva, koma imabisa mfundo yoti mtsikanayo adali mphunzitsi kale, wodziwa masamu ndi wolemba bwino. Olemba mbiri ambiri amati woyamba kuona luso lake adali mkazi wa a Pickering, yemwe adauza mwamuna wake kuti mtsikanayu akungotayika kukhitchini. Posakhalitsa adayamba kumupatsa ganyu yokopera manambala muofesi.

Nthawi yake itayandikira adabwerera ku Dundee komwe adachira mwana wamwamuna mu October 1879. Mwanayo adamutcha Edward Charles Pickering Fleming, dzina lonse la bwana wake. Kenaka adachita zomwe amayi ambiri kuno kwathu amazidziwa bwino: adasiya mwana m'manja mwa agogo ake n'kubwerera kuntchito. Mu 1881 adalembedwa ntchito yokhazikika ku Harvard, ndipo mwanayo adadzamutsatira mu 1887, ali ndi zaka pafupifupi 8.

Utawaleza wa nyenyezi

Kuti timvetse ntchito yomwe idamutchukitsa, tiyambire pa utawaleza. Mvula ikamawaza dzuwa likuwala, madontho amagawa kuwala kwa dzuwa m'mitundu yosiyanasiyana, kuyambira kufiira mpaka mtundu wa bii wonga maluwa a jakaranda. Kumbuyo kwa CD kumachitanso zomwezo. Akatswiri amagwiritsa ntchito galasi la ngodya zitatu lotchedwa pulizimu pogawa kuwala moteromo, ndipo kautawaleza komwe kamatuluka amakatcha sipekitiramu.

Chinsinsi chili apa: chinthu chilichonse chikatenthedwa kwambiri chimatulutsa mitundu yakeyake ya kuwala. Amayi omwe adagwetserapo mchere pamoto adaona lawi likusanduka lachikasu. Chikasu chimenecho ndi chizindikiro cha sodiyamu wa mumcheremo. Haidrojeni ali ndi mizere yake, okosijeni yake, chitsulo yake, monga momwe munthu aliyense alili ndi chidindo chakechake cha chala. Choncho munthu akagawa kuwala kwa nyenyezi akhoza kudziwa zomwe zili m'nyenyeziyo asadapiteko.

Nyenyezi wamba, monga dzuwa lathu, imapereka utawaleza wathunthu wodukizidwa ndi timizere takuda. Koma mpweya wotentha womwe wamwazikana mopyapyala umachita zosiyana: utawaleza supezeka, pamangokhala mdima ndi timizere towala towerengeka.

Woyamba kuona zimenezi pa mtambo wa mlengalenga adali Mngerezi William Huggins, usiku wa pa 29 August 1864. Iye adaloza makina ake pa kamtambo komwe lero kamatchedwa Cat's Eye, kutanthauza diso la mphaka. Anthu ambiri panthawiyo ankaganiza kuti mitambo yotere ndi magulu a nyenyezi zakutali zedi zomwe maso akulephera kuzisiyanitsa. Huggins adayembekezera utawaleza, koma adaona timizere towala tochepa, kowala kwambiri kali kobiriwira. Apo mpomwe padadziwika kuti kamtamboko ndi mpweya.

Mitambo ya mtunduwu imatchedwa planetary nebula, dzina losocheretsa chifukwa ilibe ubale uliwonse ndi mapulaneti. Lidachokera kwa akatswiri a zaka za m'ma 1780, makamaka William Herschel, omwe m'makina awo ankaiona yozungulira ngati pulaneti. Lero tikudziwa kuti ndi mtembo wa nyenyezi. Nyenyezi yonga dzuwa ikakalamba imafufuma, kenaka imafundula zigawo zake zakunja monga njoka ifundula khungu. Pakati pamatsala kamtima kotentha kwambiri komwe kamawalitsa mpweya wotayidwawo. Mtambowo umawala kwa zaka pafupifupi 20,000 n'kuzimirira, nthawi yochepa kwambiri poyerekeza ndi moyo wa nyenyezi. Dzuwa lathu nalo likuyembekezeka kudzatha motero zaka pafupifupi 5 biliyoni zikubwerazi.

Vuto ndi loti mitambo yomwe imaoneka yozungulira bwino ndi yapafupi yokha. Yakutali ndi yaing'ono imangooneka ngati kadontho, osasiyana ndi nyenyezi zikwizikwi zoizungulira. Ungaiyang'ane usiku wonse osaizindikira. Umboni wokhawo ndi sipekitiramu yake. A Pickering eni ake, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, ankasesa thambo ndi maso, pulizimu ili pakamwa pa telesikopu, kusaka kadontho komwe kakukana kutambasuka kukhala utawaleza. Adapeza ingapo, koma idali ntchito yonga kusaka singano m'mulu wa gaga.

Magalasi a mayi wamasiye

Zinthu zidasintha kaamba ka maliro. Dokotala wina wa ku New York, Henry Draper, yemwe adali woyamba kujambula mizere ya sipekitiramu ya nyenyezi, adamwalira mu 1882. Mkazi wake, Anna Palmer Draper, adali wachuma, ndipo mu 1886 adayamba kupereka ndalama ku Harvard kuti ntchito ya malemu mwamuna wake ipitirire.

A Pickering adaika pulizimu yaikulu kutsogolo kwa telesikopu yojambulira. Mwa njira imeneyi chithunzi chimodzi chinkagwira nyenyezi mazana nthawi imodzi, iliyonse itatambasuka kukhala kamzere kake. Zithunzizo sizidali zapapepala ayi. Zidali magalasi opakidwa mankhwala, ambiri a mainchesi 8 m'lifupi ndi 10 m'litali, ndipo mitundu sinkaoneka. Thambo linkatuluka loyera, nyenyezi zakuda.

Amuna ankajambula usiku, amayi n'kumawerenga masana. Mtsikana yemwe adayamba ntchitoyi, Nettie Farrar, adasiya kukakwatiwa, ndipo udindo udagwera Williamina. Ankaika galasi pa kathabwa kopendekeka, kalilole pansi pake akubweza kuwala kwa pawindo, iye atagwira kagalasi kokulitsira zinthu. Kamzere ka nyenyezi imodzi nthawi zambiri kadali kafupi kuposa kachitsotso ka machesi, ndipo m'menemo ndi momwe ankafunamo timizere topyapyala kuposa tsitsi. Akaona ankatchula, mnzake pambali n'kumalemba m'buku.

Patangotha zaka zinayi, mu 1890, Harvard idasindikiza kaundula wa nyenyezi 10,351 wodziwika ndi dzina la Draper. Zambiri mwa izo adazisanthula ndi Williamina. Adazigawa m'magulu pogwiritsa ntchito zilembo kuyambira A mpaka Q, potengera makamaka mphamvu ya mizere ya haidrojeni. Chilembo P adachisungira ma planetary nebula, pomwe Q chidali cha nyenyezi zachilendo zokana kulowa m'gulu lililonse. Pachikuto cha bukulo dzina lake silidalembedwe, ngakhale m'kati a Pickering adafotokoza kuti ntchitoyo adaigwira ndi iye.

Zachilendozo ndi zomwe zidamukoka mtima. Pagalasi lodzaza timizere mazana, planetary nebula simajambula kamzere kathunthu. Imasiya timadontho totalikirana, ngati mikanda ingapo yotsala pa ulusi woduka. Diso la mayiyu lidazolowera kugwira mikanda imeneyi pomwe ena ankangodutsa.

Komatu kuona kadontho si kutulukira. Fumbi limagwera pagalasi, mankhwala amapakika mosiyana, galasi limakalika paulendo, ndipo zonsezi zimatha kunamiza munthu. Palinso nyenyezi zina zomwe zimaonetsa mizere yowala koma si mitambo: zophulika, zosinthasintha kuwala, ndi zina zotentha kwambiri zotchedwa Wolf-Rayet. Choncho akakayikira kadontho ankayeza malo enieni a mzere uliwonse n'kuyerekeza ndi mitambo yodziwika kale. Kenaka ankapita kosungira magalasi kukatulutsa zithunzi zina za dera lomwelo la thambo zojambulidwa masiku ena. Chilema cha galasi sichingabwerenso pamalo amodzimodzi kawiri. Pokhapokha umboni ukagwirizana mpomwe nkhani inkalengezedwa.

Kusamala kumeneku kudamupulumutsa kangapo. Akatswiri ena, makamaka a ku Ulaya, ankakayikira nyenyezi zosinthasintha zomwe iye ankalengeza, ponena kuti zithunzi sizodalirika ngati maso. Iye sankalimbana nawo pakamwa. Ankangotulutsa magalasi a zaka zosiyanasiyana, nyenyezi ikuoneka yowala apa, yozilala apo.

Mu 1891, chaka chomwe Britain idalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chake, mayiyu adazindikira kamtambo komwe lero kamadziwika kuti IC 418. Kali m'munsi mwa gulu la nyenyezi lomwe azungu amati Orion, lija lili ndi nyenyezi zitatu zondondozana zomwe makolo athu adazitcha Akamwiniatsatana. M'miyezi ya January ndi February, mitambo ya mvula ikapereka mpata madzulo, kamtambo kameneka kamadutsa pafupifupi paliwombo penipeni pa munthu woima pa Migowi, ngakhale kuti popanda telesikopu sangakaone. Makina a Hubble atakajambula patapita zaka zoposa 100, kadaoneka ngati mpira wolukidwa ndi ulusi wosongoka bwino.

Chaka chomwecho Harvard idakhazikitsa malo ojambulira nyenyezi ku Arequipa, m'mapiri a dziko la Peru, kuti ifikire thambo la kummwera lomwe ku Boston silioneka. Magalasi ankapakiridwa m'mabokosi n'kuyenda pa sitima yapamadzi mpaka ku America. Umu ndi momwe mayi yemwe sadapondepo kummwera kwa dziko lapansi adadziwira thambo lathu lino kuposa ambiri okhala pansi pake. Mu October 1893, chaka chomwe atsamunda adamanga Fort Lister pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi, iye adaona sipekitiramu yachilendo pa galasi lochokera ku Peru ndipo adazindikira kuti ndi nyenyezi yomwe idaphulika. Imeneyi idali imodzi mwa khumi zija.

Dzina lofufutidwa

Chinthu chotchuka kwambiri chomwe adatulukira si planetary nebula. Mu 1888, akuyang'ana galasi lomwe adajambula William Pickering, mng'ono wake wa bwana wake, adaona kachigamba kakuda kolowa m'mtambo wowala pafupi ndi imodzi mwa nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana. Ndi mtambo wa fumbi lozizira womwe umatchinga kuwala kwa kumbuyo kwake, ndipo maonekedwe ake ali ngati mutu wa hatchi. Lero chithunzi cha Horsehead chili m'mabuku a sayansi padziko lonse.

A Pickering polengeza adatchula dzina la mayiyu. Koma John Dreyer, yemwe ankasonkhanitsa kaundula wamkulu wa mitambo ya mlengalenga ku Ireland, adachotsa dzinalo mu kaundula wa 1895 n'kungolemba kuti Pickering. Kwa zaka zambiri anthu ankayamikira munthu wolakwika. Pofika 1908, pomwe kaundula wachiwiri ankatuluka, mayiyu adali atatchuka moti dzina lake silikadathekanso kubisika. Ngakhale zili choncho, mtambo wina womwe adaupeza mu 1904 mpaka lero mabuku ambiri amautcha Pickering's Triangle.

Kodi a Pickering adali munthu wotani? Funsoli lilibe yankho limodzi. Adatsegulira amayi khomo pomwe malo ena ambiri adali otseka, ndipo m'malipoti awo sankabisa yemwe wagwira ntchito. Koma adalinso munthu wodziwa kuwerengera ndalama. Amayi owerenga magalasi ankalandira pafupifupi masenti 25 pa ola, ndalama yomwe mwamuna wophunzira sakadaivomera. Kulemba amayi kudali chifundo, koma kudalinso kutchipa.

Williamina ndiye ankalemba ndi kuyang'anira amayiwo, ndipo akuti adali wokhwimitsa malamulo, wosalola ntchito yongopapatiza. M'chipinda chomwecho mudadutsa amayi ena omwe adadzatchuka: Antonia Maury, Henrietta Leavitt yemwe adapeza njira yoyezera kutalika kwa nyenyezi, ndi Annie Jump Cannon yemwe adakonzanso zilembo za Williamina n'kutsala ndi O, B, A, F, G, K ndi M zomwe zikugwirabe ntchito mpaka pano. Mu 1893, pa chionetsero chachikulu cha mumzinda wa Chicago, nkhani yomwe iye adalemba idalimbikitsa kuti amayi apatsidwe malo pa ntchito ya zakuthambo. Zaka za m'ma 1890 zikutha, akuluakulu a Harvard adamusankha kukhala wosunga zithunzi zonse za zakuthambo, mayi woyamba kupatsidwa udindo wovomerezeka wotere pa yunivesiteyo.

Zakukhosi kwake tikuzidziwa kaamba ka mwayi. M'chaka cha 1900, chomwe John Chilembwe adabwerera kuno kuchokera ku sukulu ku America komweko, Harvard idapempha anthu ake ena kuti alembe zochitika pamoyo wawo tsiku ndi tsiku kwa mwezi umodzi, kuti zisungidwe m'bokosi la mibadwo ya m'tsogolo. Williamina adalemba mosabisa mawu.

Adadandaula kuti nthawi yake yambiri inkathera pokonza zolemba za anthu ena kuti zisindikizidwe, pomwe mtima wake udali pa kusaka nyenyezi zatsopano. Adalembanso kuti adakambirana ndi a Pickering za malipiro koma sadakhutire. Iye ankalandira madola 1,500 pachaka pomwe amuna ena othandizira pamalopo ankalandira 2,500. Bwanayo ankaona ngati ndalamayo ndi yokwanira kwa munthu wamkazi, koma iye adakumbutsa kuti naye adali ndi nyumba yoyendetsa ndi banja lodyetsa monga amunawo. Panthawiyo mwana wake Edward ankaphunzira za migodi pa sukulu yaukachenjede ya MIT, ndipo fizi yonse inkachokera m'thumba la mayi ake. Adaganizirapo zongosiya kuti bwanayo ayese munthu wina aone kusiyana kwake, koma ntchitoyo ankaikonda kwambiri moti sadachoke.

Sadali munthu wa manambala okhaokha. Annie Cannon, yemwe adagwira naye ntchito zaka 15, adamukumbukira ngati mayi wansangala, wokonda alendo kunyumba kwake, waluso pa singano moti ankasokera zidole zovala za kwawo ku Scotland, komanso wosaphonya mpira wa pakati pa Harvard ndi Yale.

Ulemu udabwera mochedwerapo koma udafika. Mu 1906 bungwe la Royal Astronomical Society la ku London lidamupatsa umembala waulemu, panthawi yomwe amayi sankaloledwa kukhala mamembala wamba. Koleji ya amayi ya Wellesley nayo idamulemekeza, chimodzimodzinso bungwe la akatswiri a zakuthambo la ku Mexico lomwe lidamupatsa mendulo. Mu 1907 adasindikiza kafukufuku wa nyenyezi zosinthasintha 222 zomwe adazitulukira yekha.

Yankho la ola limodzi

Mu 1910 katswiri wachinyamata wa ku Princeton, Henry Norris Russell, adacheza kwa a Pickering. Iye adali ataona kuti nyenyezi zonse zozilala kwambiri zomwe adaziyeza zidali zofiira ndi zozizirirapo. Adafunsa za kanyenyezi kena kozilala kotchedwa 40 Eridani B, komwe kali pafupi nafe, mtunda womwe kuwala kumayenda zaka 16. A Pickering adatumiza funsolo kuofesi ya Williamina, ndipo pasadathe nthawi yaitali yankho lidabwera loti kanyenyeziko ndi ka gulu A, kutanthauza koyera ndi kotentha kwambiri.

Russell adazunguzika mutu. Chinthu chotentha choncho chimayenera kuwala kwambiri, pokhapokha chitakhala chaching'ono zedi. Ndi momwe zidalilidi. Kanyenyeziko kukula kwake kumangoposa pang'ono dziko lathu lapansi, koma kulemera kwake kumapitirira theka la dzuwa. Tsiku limenelo anthu atatu okha padziko lonse ndiwo adadziwa kuti kuli nyenyezi za mtundu umenewu, zomwe pambuyo pake zidatchedwa white dwarf.

Chomwe atatuwa sadadziwe ndi choti kanyenyezi kotere ndi kamtima kaja kamatsala pakati pa planetary nebula mpweya ukamwazika. Mayiyu adali atagwira mbali ziwiri za nkhani imodzi, mtambo ndi phulusa lake, koma kulumikiza ziwirizi kudatenga akatswiri zaka zina makumi angapo.

Adamwaliranso asadadziwe gwero la mzere wobiriwira uja adauona Huggins. M'masiku ake onse akatswiri ankakhulupirira kuti ukuchokera ku chinthu chosapezeka padziko lapansi, ndipo adachipatsiratu dzina loti nebulium. Mu 1927 Ira Bowen wa ku California adaonetsa kuti ndi okosijeni wamba, yemweyu timapumayu, koma atathotholedwa ma elekitironi awiri ndipo ali pamalo popyapyala kwambiri moti padziko pano n'kovuta kupanga malo otero.

Mu 1910 Williamina adayenda pa sitima yapamtunda kudutsa America yense kukakhala nawo pa msonkhano wa akatswiri pa phiri la Mount Wilson ku California. Thanzi lake lidali litayamba kale kufooka koma sadapumule. Chaka chotsatira adadwala chibayo ndipo adamwalira m'chipatala ku Boston pa 21 May 1911, patangotha masiku 6 atakwanitsa zaka 54. Adaikidwa m'manda a Mount Auburn ku Cambridge. Buku lake lomaliza, la nyenyezi za sipekitiramu yachilendo, lidatuluka mu 1912 iye kulibe. Pa nyenyezi 107 za Wolf-Rayet zomwe zinkadziwika pomwe ankamwalira, 94 adazipeza ndi iye. Udindo wake udapita kwa Annie Cannon.

Mu 1927 Harvard idasamutsa makina ake kuchoka ku Peru kupita pafupi ndi Bloemfontein ku South Africa, komwe malo a Boyden alipo mpaka lero. Magalasi adapitirira kuwunjikana mpaka kuposa 500,000, ndipo ntchito yowajambula kuti alowe m'makompyuta idatha mu 2024. Mabuku omwe iye ndi amayi anzake ankalembamo pamanja adatulutsidwa m'mabokosi, ndipo anthu ongodzipereka akhala akuwakopera kudzera pa intaneti.

Njira yake yogwirira ntchito sidasinthe kwenikweni. Mu mlalang'amba wathu mukudziwika ma planetary nebula oposa 3,000, ndipo akatswiri amakhulupirira kuti ambiri akadabisikabe kuseri kwa fumbi. Mu 2006 gulu lotsogozedwa ndi Quentin Parker lidalengeza atsopano pafupifupi 900 omwe lidawaona pa zithunzi zojambulidwa ku Australia, ndipo ambiri adatsimikizidwa ndi telesikopu ya ku Sutherland ku South Africa. Masiku ano ngakhale anthu wamba okhala ndi makamera abwino amapeza timitambo tozilala kuseri kwa nyumba zawo. Koma kamtambo kalikonse kamakhalabe kongoganiziridwa mpaka wina atagawa kuwala kwake n'kuonetsa mizere ya okosijeni, haidrojeni ndi naitrojeni. Tambiri timagwa pa mayeso amenewa, n'kupezeka kuti ndi mlalang'amba wakutali kapena mpweya wa mtundu wina.

Pamwezi pali chigwa chotchedwa Fleming, dzina lomwe mayiyu amagawana ndi Alexander Fleming, wotulukira mankhwala a penisilini, ngakhale sadali pachibale. Koma chomwe chili chakechake ndi kamtambo kotchedwa Fleming 1, komwe adakapeza mu 1910, chaka chimodzi asadamwalire. Kali m'gulu la nyenyezi la Centaurus, kufupi ndi mtanda wa nyenyezi zinayi uja umaoneka kummwera, pamtunda womwe kuwala, kothamanga makilomita 300,000 pa sekondi, kumayenda zaka pafupifupi 10,000.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankadabwa ndi mipweya iwiri yomwe imatuluka mbali ziwiri za kamtamboka itapindika mofanana ngati chilembo S. Mu 2012 gulu lotsogozedwa ndi Henri Boffin, pogwiritsa ntchito telesikopu yaikulu ya ku Chile, lidagawa kuwala kwa nyenyezi ya pakati pake ndipo lidapeza kuti mizere yake ikusuntha uku ndi uku. Pakatipo pali nyenyezi ziwiri, zonse zooneka kuti ndi ma white dwarf, zomwe zimazungulirana kamodzi pa tsiku limodzi ndi maola pafupifupi 5.

Ku Boston kamtambo kameneka sikatuluka n'komwe, kamakhala kunsi kwa dziko chaka chonse, ndipo mayiyu adakaona pagalasi pokha. Ku Phalombe kuno, madzulo a miyezi ya April ndi May anthu akukolola, dera la thambo komwe kali limakwera kupitirira theka la mtunda wochokera m'chizimezime kufika paliwombo, pamwamba pa mapiri a kummwera kwa Migowi.